Fizi, miyendo ndi thumba la ufa: momwe Zomba yakhala ikulipirira sukulu

Mayeso amene mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amalemba akamamaliza Sitandade 8 ndi Fomu 4 amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, lomwe likulu lake lili mumzinda wa Zomba. Silabasi imene mwanayo amaphunzira imachokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, mtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera pamsika waukulu wa Zomba. Akakhoza bwino, maso ake amathanso kuloza ku Chirunga, patsinde pa phiri la Zomba, komwe kuli University of Malawi. Mzinda umene kalembera wa 2018 adaupeza ndi anthu ongopitirira pang'ono 105,000 wakhala pakati pa maphunziro a dziko lonse kwa zaka zambirimbiri.

Koma eni dera, alimi a ku Jali ndi ku Mayaka, asodzi a ku Kachulu, amayi otsika ndi nkhuni kuchokera kuphiri, sukulu sidawagwere m'manja chifukwa choti adayandikana nayo. Iwo, pamodzi ndi makalaliki, asilikali ndi apolisi amene adadzaza tauniyi, akhala akuilipira m'njira zambiri, ndipo ndalama yolembedwa palisiti kawirikawiri yakhala kagawo chabe ka mtengo wake wonse. Zotsalazo zalipiridwa ndi miyendo, khasu, chimanga cha m'nkhokwe ndi chibale. Boma likachotsa fizi ina, mtolo sunkatha ayi, unkangotsika pamutu n'kukhala paphewa.

Sukulu idafika kuno boma lisanafike. Amishoni a Church of Scotland, amene adakhazikika ku Blantyre mu 1876, adatsegula mishoni ya Domasi mu 1884 motsogozedwa ndi Alexander Hetherwick. Apa n'kuti kudakali zaka 7 kuti Harry Johnston asankhe Zomba kukhala likulu la atsamunda. M'masiku oyambirirawo nkhawa sidali ya fizi, koma ya kusowa kwa ana. Makolo sankaona chifukwa chotumizira mwana kukakhala pansi tsiku lonse pomwe kumunda kuli anyani ndi mbalame zofunika kupirikitsa, moti amishoniwo ndiwo ankachita kunyengerera mafumu. Ana ogonera pamishoni ankalipira ndi manja awo: kulima m'minda ya mishoni, kutunga madzi, kuumba njerwa, kutola nkhuni. Fizi itayamba kulowa inkawerengedwa m'makobiri, ndipo m'sukulu za m'midzi wosowa kobiri ankatha kubwera ndi chimanga, mazira kapena nkhuku.

Kobiri lomwelo linkalimbiranidwa ndi msonkho. Kuyambira mu 1894 nyumba iliyonse inkapereka masheleni 3 pachaka, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma lidaukweza kufika pa masheleni 6 kwa munthu amene sadagwireko ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu. Okhala m'minda ya azungu, monga ya A. L. Bruce ku Magomero, adalinso ndi thangata pakhosi. Msonkho unkalowa ku Zomba, koma zobwerera kusukulu zidali zochititsa manyazi. Thandizo loyamba la boma ku sukulu zonse za mishoni m'dziko muno lidali mapaundi 1,000 okha pachaka, ndipo dipatimenti yoona za maphunziro idadzakhazikitsidwa mochedwa, mu 1926.

Padalinso mtengo wina umene sunkawerengeka m'masheleni. Ayao ambiri achisilamu a m'madera a mafumu Malemia ndi Kuntumanji ankaopa kuti mwana akalowa sukulu ya mishoni abwerako ndi dzina lina ndi chipembedzo china. Mabanja ochuluka adasankha madrasa, ndipo mipando ya ukalaliki m'maofesi a boma, amene adali pakhomo pawo penipeni, idapita kwa ana a anthu ochokera kutali.

Boma litaganiza zolowamo ndi manja ake, lidalowa mowerengetsera tambala iliyonse. Mu 1929 lidatsegula Jeanes Training Centre ku Domasi mothandizidwa ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku America. Nzeru yake idachokera ku sukulu za anthu akuda za kummwera kwa United States: m'malo momanga sukulu zapamwamba, aphunzitsidwe mphunzitsi mmodzi woyendayenda amene aziyang'anira sukulu zingapo za m'midzi. Aphunzitsiwo ankabwera ku Domasi ndi akazi awo, n'kumakhala m'nyumba zomangidwa ngati mudzi wachitsanzo. Amuna ankaphunzira kaphunzitsidwe, ulimi ndi ukalipentala, akazi ankaphunzira ukhondo, kusoka ndi kaleredwe ka ana. Anthu ophunzira a nthawiyo sadakhutire nazo. Levi Mumba, amene ankakhala ku Zomba ndipo adadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, adali mmodzi wa amene ankauza boma kuti ana a kuno akufuna sekondale, osati kuphunzitsidwa kukumba zimbudzi kokha.

Sekondalezo zidabwera mochita kudontha. Ya Blantyre idatsegulidwa mu 1940, ya Zomba Catholic mu 1942, ya Dedza mu 1951. Zomba Catholic mpaka lero anthu amangoitchula kuti Box 2, potengera nambala ya bokosi lake la kupositi. Malo adali ochepa kwambiri moti mnyamata mmodzi akasankhidwa, mudzi wonse unkadziwa. Kukafikako ndiye kudali nkhani ina. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima idailambalala Zomba, choncho mnyamata wa kutali ankaphatikiza ulendo wapansi, lole ya katundu ndi basi, sutikesi ili pamutu, ndipo kwawo ankakuonanso teremu ikatha basi.

Nanga ankalipira ndani? M'mabanja ambiri a Ayao, Anyanja ndi Alomwe a ku Zomba, kumene mwana amawerengedwa kuchikazi, fizi inkagogoda pakhomo pa malume. Nthawi zambiri malumewo adali kutali: m'mapulazi ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury, m'migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, kapena m'gulu la asilikali a King's African Rifles amene kampu yawo idali pa Zomba pomwepa. Ndalama yotumizidwa papositi ndiyo idaphunzitsa ana ambiri a m'badwo umenewo. Njira ya kumigodi idatsekeka mwadzidzidzi mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuletsa kulemba anthu. Mabanja amene ankadalira kalata ya ku Joni adaona kusintha teremu yotsatira yomwe.

M'tauni mudabadwa mwambo wina umene ulipobe. Kalaliki kapena mphunzitsi akapatsidwa nyumba ya boma, nyumbayo inkasanduka malo ogonera ana a mbumba yonse. Mwana wa mlongo, mng'ono wa mkazi, mdzukulu wa azakhali, onse ankabwera kudzaphunzira pafupi ndi sukulu yabwino popanda kulipira chigono. Usiku mipando ya pabalaza inkakankhidwira kukhoma, mphasa n'kuyalidwa. Mwana wobwerayo ankabweza ndi ntchito: kusesa pabwalo kusanache, kukolopa, kuchapa, kulera khanda, kupita kuchigayo. Kumudzi nako sankangokhala. Pokolola ankatumiza thumba la chimanga, nandolo kapena mtedza, ndipo pangano losalembedwa lidali loti wophunzirayo akadzayamba ntchito adzakoke wina wa pambuyo pake.

Ufulu wa 1964 sudachotse fizi ya pulayimale. M'zaka zonse za Kamuzu mwana ankafunika ndalama ya sukulu ndi yunifolomu, ndipo ngakhale fiziyo idali ya makwacha ochepa pachaka, ndalama ya kwacha itabwera mu 1971, mabanja a ana asanu kapena asanu ndi mmodzi ankachita kusankha. Wosankhidwa kawirikawiri adali mnyamata. Tsiku lothamangitsa osalipira linkadziwika m'mudzi monse, chifukwa ana ankabwerera dzuwa lisanakwere, makope ali m'jumbo. Ena ankayamba sukulu mochedwa, ena ankapuma chaka kuti mkulu wawo amalize, ena ankabwereza Sitandade 8 kawiri kapena katatu pofuna kusankhidwa.

Ndalama ya fizi ku Zomba idali ndi magwero ake odziwika, ndipo gwero lililonse lidali ndi nyengo yake. Kummawa kuli nyanja ya Chilwa, kumene matemba, makumba ndi milamba zinkatuluka pa Kachulu n'kukwera njinga kupita kumisika ya Zomba, Songani ndi Thondwe. Nyanjayi ndi yosaya, ndipo idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzaphweranso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Ikaphwa, m'kalasi mumaonekera mipata. M'zigwa za Domasi ndi Likangala muli masikimu a mpunga amene adakhazikitsidwa m'nthawi ya Kamuzu mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan, ndipo thumba la mpunga losungidwa mpaka mtengo utakwera lakhala likulipira teremu yachiwiri m'mabanja ambiri. Kuphiri kuli nkhuni, mbatata ya kachewere ndi zipatso. Aliyense amene wakwerapo msewu wopita ku Ku Chawe adawaona anyamata atanyamula timbale ta sitiroberi, akuthamangira galimoto iliyonse imene yachepetsa liwiro. Ena mwa iwo ndalama ya makope amaipeza pamsewu pomwepo Loweruka ndi Lamulungu.

Kwa amene sadasankhidwe kupita kusekondale, boma lidatsegula khomo lotchipa mu 1965: Malawi Correspondence College. Maphunziro ankabwera papositi ndi pawailesi, ndipo ophunzira ankasonkhana m'masenta momwe mphunzitsi wa pulayimale ankawayang'anira. Mu 1987 dzina lidasintha kukhala Malawi College of Distance Education, MCDE, dzina limene ana a m'sukulu zosankhidwa ankalitchula monyoza. Komabe manesi, apolisi ndi aphunzitsi ambiri a lero adadutsira momwemo.

Pomwe ana a MCDE ankawerengera pa koloboyi, pa Chirunga padali dziko lina. University of Malawi idayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ndipo mu 1973 Chancellor College idasamukira ku Zomba, itaphatikizidwa ndi makoleji a Soche Hill ndi Mpemba. Patangopita zaka 2 likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe, maofesi ambiri n'kutsekedwa, ndipo koleji ndiyo idatsala ngati gwero lalikulu la ndalama zatsopano m'tauni. Wophunzira wa nthawi imeneyo sankalipira kanthu. Ankapeza bedi, chakudya katatu patsiku m'kafeteriya, kandalama ka m'thumba, ndi waranti yokwerera basi ya kampani ya UTM popita kwawo. Ambiri kandalamako ankakagawa pawiri, kwina n'kutumiza kumudzi kuti mng'ono asathamangitsidwe kusukulu. Zimenezi zidayamba kusintha mu 1985, pamene boma, lili pampanipani wa ngongole ndi malangizo a World Bank ndi IMF, lidayamba kuuza ophunzira kuti azisonkhako kangachepe.

Kusintha kwakukulu kudayambira pansi. Mu 1991 ntchito ya GABLE, yothandizidwa ndi USAID, idayamba kukonza zoti atsikana osabwereza kalasi asamalipire fizi ya pulayimale, ndipo mu 1993 boma lidalola kuti mtsikana amene adachoka chifukwa cha mimba azibwerera kusukulu akabereka. Kenako mu 1994 boma latsopano la Bakili Muluzi lidakwaniritsa lonjezo lake la pachisankho: pulayimale yaulere, yunifolomu yosakakamiza. Chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Anyamata a ndevu adakhala pansi limodzi ndi tiana ta zaka 6. Boma lidalemba aphunzitsi osaphunzitsidwa oposa 18,000, n'kuwapatsa maphunziro a masabata owerengeka asanagwire choko.

Walira mvula walira matope. Makalasi adasefukira, ana n'kumaphunzira pansi pa mitengo ya mango, ndipo makomiti a sukulu adayamba kutolera ndalama zina: ya chitukuko, ya mlonda, ya mayeso a pateremu, ya lipoti. Amayi ankaitanidwa kukatuta mchenga ndi kutunga madzi, abambo kukaumba njerwa. Fizi idachoka m'buku la boma, koma khasu ndi chikombole zidabwerera pasukulu monga zidalili m'masiku a Hetherwick.

Ana a 1994 asanamalize n'komwe pulayimale, sekondale zidachepa. Mu 1998 boma lidasandutsa masenta a MCDE kukhala Community Day Secondary School, sukulu zoyendera zimene fizi yake idali yotsika kuyerekeza ndi zogonera komweko monga Box 2, St Mary's kapena Malosa. Vuto lidali mtunda. Mwana wosankhidwa kusukulu imene ili makilomita 10 kapena 15 kuchokera kwawo amayenera kusankha pakati pa kudzuka tambala woyamba, kupeza njinga, kapena kuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, zimene anthu amazitcha self-boarding.

Lamulungu madzulo, pamsewu wa ku Jali kapena wa ku Chingale, ana amenewa amaoneka ali ulendo wobwerera. Pamutu kathumba ka ufa, m'manja jumbo momwe muli nyemba kapena mfutso, kamchere kokulunga papepala ndi kabotolo ka mafuta ophikira. Kachipindako kamakhala kuseri kwa golosale kapena chigayo, ndipo amagonamo atatu kapena anayi, lendi n'kugawana. Mkati muli mphasa, chingwe chopachikapo yunifolomu, ndowa, poto mmodzi wa nsima ndi wina wa ndiwo. Aliyense amathira kapu yake ya ufa pophika, ndipo amene wabwera ndi wochepa amadziwika pofika Lachitatu. Lachisanu ufa ukatha, ulendo wa kumudzi umakhala wapansi, chifukwa ndalama ya kabaza ndi yomweyo ya sopo. Njirayi yapulumutsa ana ambiri ku mtunda, koma atsikana yawaika pamalo oopsa. Usiku palibe mayi kapena mphunzitsi wowayang'anira, ndipo pamsika sipasowa mwamuna woti agule sopoyo. N'chifukwa chake makolo, mipingo ndi mabungwe akhala akulimbikira zomanga mahositelo a atsikana m'sukulu zoyendera.

Funso loti kodi ndalama yochepa ingasunge mtsikana pasukulu lidayesedwa ku Zomba komweku, ndipo zotsatira zake zidamveka dziko lonse lapansi. Mu 2008 ndi 2009 akatswiri Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler adatsatira atsikana osakwatiwa pafupifupi 3,800, a zaka 13 mpaka 22, m'madera 176 a bomali. M'madera ena makolo ankalandira ndalama yofanana ndi madola 4 mpaka 10 pamwezi, mtsikana mwiniwake n'kulandira yakeyake ya dola 1 mpaka madola 5. Ena ankalandira pokhapokha mtsikanayo akapezeka m'kalasi masiku 80 mwa 100 aliwonse, ena ankalandira popanda lamulo lililonse, ndipo madera ena sadalandire kanthu kuti pakhale poyerekezera.

Ndalama ya lamulo ndiyo idasunga atsikana ambiri m'kalasi. Koma ndalama yopanda lamulo idachepetsa kwambiri maukwati ndi mimba, makamaka pakati pa atsikana amene adasiyabe sukulu, chifukwa iwo ankapitiriza kulandira pomwe anzawo a gulu la lamulo adadulidwa. Lipoti lina la kafukufukuyu, limene lidatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2012, lidasonyeza kuti mwa atsikana a pasukulu amene ankalandira ndalama, 1.2 mwa 100 aliwonse adapezeka ndi HIV, pomwe mwa osalandira adali 3 mwa 100. Akatswiriwo atabwereranso patapita zaka zingapo ndalama zitaleka, adapeza kuti phindu lambiri lidazilala. Madola ochepa pamwezi ankasintha moyo wa mtsikana, koma pa nthawi yokhayo imene ankabwera.

Ku Chirunga nako masiku a bedi laulere adatha. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 chopereka cha wophunzira chidafika pa K25,000 pachaka, ndipo yunivesite idayamba kutenga ophunzira odzilipirira okha amene sankapatsidwa malo ogona. Pambuyo pake idasiya kuphikira ophunzira. Mu 2015 boma lidaleka kupereka ndalama ya m'thumba kwa olowa kumene, n'kukhazikitsa bungwe lobwereketsa ngongole la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Mu 2016 fizi itakwezedwa kufika pa K400,000, ophunzira adatseka misewu ya Zomba, ndipo ulendo wa Jill Biden, mkazi wa wachiwiri kwa pulezidenti wa America panthawiyo, wopita ku Machinga udasokonekera. Pulezidenti Peter Mutharika adadzachotsako K50,000.

Amene adapindula ndi kuchepa kwa mahositelo ndi eni nyumba a ku Chikanda, dera la nyumba zothithikana m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, kufupi ndi kampasi. Makhitchini ndi zipinda za ana zidasanduka malo ochititsa lendi, ndipo mizere ya tizipinda tatsopano idamera paliponse pamene padali mpata. M'kachipinda kotere mumakhala mabedi awiri, nthawi zina osanjikiza, ndipo mesho wako ndiye banki yako. Mayunitsi a ESCOM amasonkherana, n'chifukwa chake hotipuleti ndi ayironi zimayambitsa mikangano kuposa ndale. Nyemba zimaphikidwa pambaula chifukwa zimadya magetsi. Ndiwo za masiku ambiri ndi soya, bonya, mazira ndi masamba a kumsika wa Mpondabwino, kumene amapita madzulo ogulitsa akayamba kutsitsa mitengo. Mwezi ukafika pakati, ufa umagulidwa wa timapaketi tija amati walkman, tongokwana mphika umodzi. Mabuku ogula adasowa kalekale: poyamba ankachita fotokope, lero amatumizirana pa WhatsApp, ndipo wopanda bandulo amakhala pakhonde la laibulale mpaka usiku kutapa intaneti ya pakampasi.

Thumba la kumudzi lija silidasiye kubwera, langosintha mayendedwe. Mayi amalipereka kwa kondakitala wa minibasi ku Liwonde kapena ku Limbe, atalembapo dzina ndi nambala ya foni, mwana n'kukalidikira kudepoti. Kutumiza thumba n'kotchipa kuposa kuti munthu akwere kupita ndi kubwera. Ndalama nayo, imene kale inkayenda papositi kapena m'thumba la wachibale, idayamba kuyenda pafoni Airtel Money itabwera mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013.

Kumbali ya makolo, chida chakale ndi chipereganyu. Aphunzitsi a sukulu imodzi, manesi a wodi imodzi kapena amayi ogulitsa pamzere umodzi mumsika amasonkha ndalama yofanana mwezi ndi mwezi, mmodzi n'kutenga yonse, ndipo amene ali ndi mwana kusekondale amapempha kuti mwezi wake ugwe potsegulira sukulu. Wopanda gulu amagwa m'manja mwa akatapila, amene chiwongoladzanja chawo chimatha kufika theka la ngongole kapena kuposa pamwezi umodzi, ndipo ena amasunga khadi ya kubanki ya wobwereka mpaka tsiku la malipiro.

Banki m'khonde idabwera pambuyo pake. Njirayi idayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo idafalikira m'midzi ndi m'matauni a Malawi m'zaka za m'ma 2000. Gulu limakhala la anthu 15 mpaka 25, ambiri amayi, ndipo limakumana sabata iliyonse pakhonde kapena pansi pa mtengo. Pakati pamakhala bokosi la maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, bokosilo n'kumasungidwa ndi wachinayi. Aliyense amagula masheya monga mwa mphamvu zake, mlembi n'kudinda m'kabuku, owerenga ndalama n'kutchula mokweza kuti onse amve. Wochedwa amalipira chindapusa, ndipo pali kathumba kapadera ka matenda ndi maliro. Wofuna fizi amabwereka pomwepo, pamaso pa anzake amene akudziwa kuti ali ndi dimba la tomato kapena benchi ya mandasi yobwezera. Magulu ena adagwa chifukwa wosunga bokosi adathawa kapena mamembala adabwereka mopitirira, ndipo kugwa kwa kwacha, monga kwa 25 peresenti mu 2022 ndi kwa 44 peresenti mu 2023, kudadya phindu la chaka chonse m'magulu ambiri. Komabe magulu akungochulukirabe.

Boma lapitiriza kuchotsa fizi pang'onopang'ono. Mu 2018 lidathetsa K500 ya pateremu imene ana a m'sekondale za boma ankalipira ngati fizi yophunzirira, ngakhale ndalama za chitukuko ndi za chigono, zimene zidali zokulirapo, zidatsala. Kumapeto kwa 2025 lidalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 sekondale za boma zikhala zaulere, kupatula zolipira za chigono ndi chakudya m'sukulu zogonera komweko. Kwa kholo la ku Mayaka kapena ku Chinamwali, mndandanda wotsala udakali wautali: yunifolomu, nsapato, makope, kalikuleta, lendi ya kachipinda, ufa, sopo, ndi kabaza tsiku limene mtsinje wadzaza.

Mwezi wovuta kwambiri ndi Januwale. Teremu imatsegulidwa nthawi imene chimanga chakwera mtengo, feteleza wobereketsa akufunika kumunda, ndipo ganyu ali ndi omufuna ambiri kuposa omulemba. N'chifukwa chake magulu ambiri a banki m'khonde amagawana ndalama mu Disembala, ndipo amayi odziwa kuwerengera amapita kumsika tsiku lotsatira, Khirisimasi isanalowe m'thumba. Amagula makope a chaka chonse pa holoselo, nsapato zakuda pa kaunjika, ndi nsalu ya yunifolomu yomwe amaipereka kwa telala wa pakhonde la sitolo. Telalayo safunsa zambiri. Amamuyeza mwana, n'kuwonjezera zala zinayi m'litali ndi ziwiri m'chiuno, ndipo kumunsi amapinda mpendero waukulu woti udzamasulidwe mu Fomu 3, diresiyo isanapite kwa mng'ono wake.